Jekete ya Derrick

Mukamadutsa pa Chinyunyu, pamsewu waukulu wopita kummawa, yang'anani mzere wa timatebulo ta tomato ndi nthochi. Tebulo limene mungalione loyalidwa nsalu yoyera mbee, limenelo ndi la Ba Mailesi. Nsalu yoyera pamsewu wa malole, abale! Anzawo anatopa kuwaseka, chifukwa pa nkhani ya ukhondo munthuyo samva za wina. Anabadwira ku Petauke, ndipo anabwera kuno ali kamtsikana pamene atate awo ankafuna malo olima. Chimene chinawasangalatsa atangofika sichinali munda ayi, koma madzi otentha aja otuluka okha pansi, onunkha ngati mazira owiritsa. Kwawo madzi ankachita kulimbirana pachitsime. Kuno anawapeza atawira kale popanda nkhuni, ndipo kuyambira pamenepo sanasiyenso kuchapa.

Anakwatiwa ndi Ba Bonaventure, munthu wofatsa wa mtundu wa Asoli, wa mpingo wa Katolika, nabereka ana awiri, Purity ndi mlongo wake Derrick. Bamboyo anadwala chifuwa n'kumwalira ana adakali ku pulaimale, ndiye tomato ndi amene analera banja. Umphawi Ba Mailesi ankauvomera, koma litsiro ayi. Ana awo ankapita kusukulu ndi mayunifomu a zigamba, koma zigambazo zinali zochapa ndi zosita, moti aphunzitsi ankawaimika kutsogolo kuti ena aonere.

Purity ndiye anali ndi mutu wa sukulu. Atasankhidwa kupita ku yunivesite ku Lusaka, amake anaganiza kuti akaphunzira unesi kapena uphunzitsi, zinthu zimene munthu ungawauze anzako pamsika iwo n'kugwedeza mutu. Koma mwanayo anati akaphunzira folensiki. Lilime la Ba Mailesi linakana dzinalo kwa chaka chathunthu. Purity anayesetsa kuwafotokozera kuti ndi sayansi yofufuza umboni wa milandu. Anati munthu akapalamula, ngakhale achenjere bwanji, amasiya kanthu pamalopo ndipo amatengapo kanthu: katsitsi, kaulusi ka malaya, dothi la kunsapato, chidindo cha chala. Ntchito yawo ndi kupeza tinthu timeneto, kutipima ndi makina, n'kukaima kukhoti kunena zimene tikuonetsa. Ba Mailesi anafunsa ngati ntchitoyo ili ndi yunifomu. Atamva kuti ili ndi jasi yoyera, mtima unakhalako pansi.

Anayamba kumvetsa pang'ono tsiku lina Purity ali pa holide. Shuga ankatha msanga m'nyumbamo, ndipo Derrick ankalumbira ndi dzina la malemu atate ake kuti sakudziwapo kanthu. Purity anapera khala mpaka linasanduka ufa, nawaza ufawo pachitini cha shuga, naupemerera pang'ono, n'kumatapo selotepu. Chala chinatuluka bwinobwino ndi timizere take tonse. Kenako anagwira chala chachikulu cha mlongo wake, nachidinda papepala, n'kuika ziwirizo pamodzi. Derrick anaseka mpaka kugwa pampando, n'kunena kuti m'nyumba muno mwalowa mfiti ya boma. Ba Mailesi nkhani imeneyo anaifotokoza pamsika mpaka anzawo anailoweza.

Komabe pamudzi anthu anali ndi dzina lawolawo la maphunzirowo. Ankati ndi sukulu yong'amba mitembo. Ba Emeliana, alongo a malemu Ba Bonaventure, amene amatsogolera amayi kutchalitchi ndipo alibe chipata pakamwa, ankafunsa kuti kodi ndi mwamuna uti adzadye chakudya chophikidwa ndi manja oterowo. Ba Mailesi ankayankha kuti mwana wawo ndi dokotala wa apolisi, ndipo amene akuopa akadye kwawo. Mumtima ankaopanso, koma zimenezo sanauzepo munthu.

Purity anamaliza, anavala mkanjo wakuda ndi chipewa chake, ndipo amake anakwera minibasi kukaonera atavala chitenge chatsopano. Pobwerera mwanayo anawawerengera malo amene angakagwire ntchito, iwo akumvetsera kukamwa kuli yasa. Anati kuli labotale ya apolisi, kuli kumene amapima mitembo kuti adziwe chimene chapha munthu, kuli ogwira a chamba ndi mankhwala ena oletsedwa, ngakhale a nyama zakutchire amafuna wopima nyama imene yagwidwa ndi opha mozemba. Anatinso mabanki amalemba anthu ofufuza zachinyengo pa makompyuta. Ba Mailesi anaona ngati mabwana onsewo adzachita kukanganirana mwana wawo. Kunena zoona palibe anakana. Onse ankangoti adikire, malo akapezeka adzamuitana. Anagwirako miyezi ingapo mu labotale ina mongodzipereka, kenako anauzidwa kuti nthawi yake yatha. Potsiriza anapeza malo m'sitolo yogulitsa mankhwala ku Mtendere mu Lusaka momwemo, kumene ankapatsira anthu panado atavala jasi yoyera ndithu.

Derrick yeyo sukulu inamukana msanga, koma sanali mlesi. Ankalima, ankakweza katundu wa amalonda, ndipo Lamlungu ankaimba besi m'kwaya. Purity atangoyamba ntchito anamugulira jekete ya salaula, kaunjika uja wa pamsika, yokhuthala, yooneka ngati mkaka wothira tiyi. Mnyamatayo anaikonda mopitirira. Ankaivala ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, makamaka tsiku la kwaya, chifukwa m'kwayamo munali mtsikana wina dzina lake Nomsa. Amake ankamunena kuti adzapsa ali moyo, koma ndi iwo omwe ankamuchapira jeketeyo ndi kumusitira.

Chaka china cha chilala, tsiku lina kachisisira, Derrick akuchokera ku kwaya m'mbali mwa msewu, lole ya buluu yodzaza makala inapatuka pothawa dzenje n'kumuwomba. Sinaime. Amene anaiona anali patali, ndipo nambala palibe anaiwerenga. Anthu anaimitsa minibasi n'kuthamangira naye kuchipatala ku Mpanshya, amake atamugoneka pamiyendo. Anafika akupuma, koma kutacha anatsirizika. Manesi anawapatsa Ba Mailesi pulasitiki yakuda. Munali jekete ija, shati ndi buluku, zimene anachita kudula ndi sizasi.

M'mawa womwewo amayi a pamsika anachita zimene amachita nthawi zonse pakagwa ngozi. Anaika nthambi pamsewu, anasesa magalasi onse osweka kuti ana oyenda opanda nsapato asachekeke, n'kukawataya m'chimbudzi. Pamene panali magazi anathirapo mchenga. Anachita zimenezi akulira, chifukwa cha chikondi, ndipo palibe akanawaletsa.

Dzina la mwini lole linayamba kumveka maliro asanakhazikike. Anali Levy, wogula makala kumidzi ya mkati n'kumakagulitsa ku Lusaka. Lole yake inapezeka kuseri kwa nyumba yake, kutsogolo ataphimba ndi tenti, nyali imodzi itasweka. Iye anati anawomba ng'ombe sabata yatha. Wapolisi amene anapatsidwa nkhaniyo, Ba Oswell, anaikokera loleyo kupolisi, koma ananena poyera kuti malole a buluu onyamula makala pamsewu uno ndi osawerengeka, ndipo sangasunge galimoto ya munthu nthawi yaitali chifukwa cha mphekesera. Pankafunika chinthu chogwirika.

Purity anafika masana, maso atatupa. Atalira ndi amake m'nyumba ya siwa, anapita pamsewu, napeza pali mbee, posesedwa bwino. Anangogwira m'chiuno. Atabwerera anafunsa za zovala, ndipo atamva kuti zili m'pulasitiki osakhudzidwa, anawatengera amake kuseri kwa nyumba. Anavala magolovesi amene anabwera nawo, natambasula jekete ija pakatoni yatsopano. Inali itauma gwaa ndi magazi mbali yonse ya kumanja. Ba Mailesi anayang'ana kumbali, koma mwanayo anawapempha kuti aone. Paphewa, mkati mwa ulusi, munali timabanthu ta penti wa buluu tating'ono ngati mamba a kapenta, ndi timagalasi tonyezimira.

Anawafotokozera pang'onopang'ono. Anati lole yakale ngati ya Levy inapakidwa penti kangapo, wina pamwamba pa mnzake, ndipo kabanthu kalikonse kamasunga mapenti onsewo motsatana. Makina akaika kabanthu ka pa jekete pambali pa kochokera pa lole, n'kupeza kuti n'zofanana, nkhani ya ng'ombe ithera pomwepo. Ba Mailesi anati ndiye atenge jeketeyo athamange nayo ku Lusaka. Purity anapukusa mutu.

"Ine ndine mlongo wake, amama. Ndikainyamula ine, kukhoti adzati penti ndinamatapo ndekha. Ayenera kubwera Ba Oswell, aitenge ndi manja awo pamaso pa mboni, aitseke. Chonde, musachape. Musakung'unthe, musapatse munthu. Tatsala ndi ichi chokha."

"Ndamva, mwanawe," anatero Ba Mailesi.

Ndipo anamvadi. Pasapezeke wina wonena kuti mayiyo sanamvetse, chifukwa anamvetsa zonse mpaka za penti wosanjikizana uja. Vuto linali poika katoni imene Purity anatsekeramo zovalazo. Kwathu kuno magazi a munthu wofa pangozi salowa m'nyumba, akuti amaitana ngozi ina. Ndiye anaiika m'nkhokwe, poti chaka chimenecho inali yopanda ndi chitsononkho chomwe. Ba Oswell analonjeza pafoni kuti abwera mawa lake. Mawa lakelo basi inagwa kumapiri kutsogolo uko, ndipo apolisi onse ndi galimoto yawo anathamangira kumeneko. Purity ananyamuka kupita ku Mpanshya kukadikira dokotala wopima mtembo, n'kunena kuti pobwerera sachoka kupolisi mpaka abwere naye wapolisiyo.

Ba Mailesi anatsala pamphasa m'nyumba ya siwa, atazunguliridwa ndi amayi oimba nyimbo za maliro. Nkhokwe inali kuseri kwa khoma limene anatsamira. Nkhani ya katoni inafika kwa Ba Emeliana, monga mmene nkhani iliyonse imafikira kwa iwo, ndipo anabwera kudzakhala pafupi. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa Ba Mailesi kukangana amakutha. Iwo analankhula motsitsa, atawagwira dzanja. Anati mwana wa mlongo wawo sangapume magazi ake ali m'nkhokwe ngati nyama yofutsa. Anati chakudya cha chaka chamawa chidzalowa mmenemo, ndipo adzadya ndani. Anatinso za kusukulu n'zabwino, koma Purity ndi mwana, sanaikepo munthu m'manda. Ba Mailesi anayankha kuti analonjeza, ndipo anakhala tsiku lonse atagwira lonjezolo, amayi ena akuwaponyera maso.

Tsiku lotsatira kunatentha koopsa. Purity anaimba kuti dokotala sanafike ndipo Ba Oswell akadali kumapiri. Chakumadzulo kamphepo kanayamba kubweretsa fungo pakhomo. Amuna amene anakhala pansi pa mtengo anasuntha mipando mwakachetechete, ndipo Ba Mailesi anaona. Pa moyo wawo wonse pakhomo pawo panali pasanamvekepo fungo loti mlendo n'kusuntha mpando. Manyazi anawagwira, ndipo pamwamba pa manyaziwo panali chisoni choti chimene anthu akuthawa ndi mwana wawo.

Kutacha, amayi ena akuphika phala, anazemba n'kukwera pankhokwe kuti angoona ngati katoni ili bwino. Ankafuna kungoona basi. Atatsegula, ntchentche zinabuka. Jekete yonse inali bii ndi nyerere. Zinali zitapanga mzere kuchokera pansi, kukwera mzati, kulowa pakona ya katoni, ndipo zotuluka zinkanyamula timibulu tofiirira. Ba Mailesi anayang'ana mzere umenewo ukutsika ndi magazi a Derrick kupita nawo kudzenje. Anayesa kuzichotsa ndi chala, koma anakumbukira kuti anauzidwa kuti asakung'unthe. Anatseka katoni, natsika, naima. Anakweranso. Mwana amene sanagonepo ndi mamina pankhope, lero akudyedwa ndi nyerere amake ali pomwepo, manja ali lende.

Zimene zinachitika kenako iwo amati sakuzikumbukira bwino. Amangokumbukira ali kumunsi kwa akasupe, kumene madzi amakhala atazizirako moti dzanja n'kupirira, beseni lili pambali, sopo ali m'manja. Madzi anafiira, nawataya, natunga ena. Anafikisa phewa lija pamwala. Timabanthu ta buluu tina tinakanirira mu ulusi, ndipo anatitokosa ndi chikhadabo kamodzikamodzi mpaka tonse tinapita ndi madzi. Ankadziwa chimene tinali, koma manja anapitiriza okha. Ankalira mokweza, akumuuza Derrick kuti asadandaule, amake afika. Anachapanso shati ndi buluku. Pobwerera anayanika zonse pachingwe poyera, ndipo Ba Emeliana atawaona anawakumbatira. Kwa kanthawi Ba Mailesi anamva mtima kupepuka, ndipo masana anasita jeketeyo n'kusoka pamene sizasi inadula.

Mantha anabwera pamene anamva kulira kwa njinga yamoto. Purity anatsika kumbuyo kwa Ba Oswell, fumbi lili mbuu kumaso, atanyamula mapepala a khaki okulungira umboni. Analunjika kunkhokwe. Amake anamuitana ndi mawu osamveka bwino, nalowa m'nyumba, natuluka ndi zovala zopindidwa bwino, zikununkhira sopo. Anagwada n'kuziika patsogolo pake.

Purity anaziyang'ana nthawi yaitali. Ba Mailesi akanakonda atawatukwana pamaso pa anthu onse, koma mwanayo anangokhala pansi pomwepo, navala magolovesi, natambasula jekete padzuwa. Anatsata msoko uliwonse ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Anatembenuza matumba, anayang'ana pansi pa kolala ndi m'mabowo a mabatani. Ba Oswell anavula chipewa n'kuima pambali, ndipo patapita nthawi anafunsa mwaulemu ngati pali chimene angatenge. Purity anati ali ndi zithunzi za pafoni zimene anajambula tsiku loyamba. Wapolisiyo anaziona, n'kunena zimene Purity ankadziwa kale, kuti chithunzi chimangoonetsa kuti pentiyo anali wa buluu, ndipo makina sangapime chithunzi. Zovalazo anazitengabe, mwina pofuna kuti asachoke chimanjamanja pamaso pa anamfedwa.

Derrick anaikidwa m'manda, kwaya ikuimba popanda besi. Dokotala analemba kuti anafa chifukwa chowombedwa ndi galimoto, zimene aliyense ankadziwa. Ku labotale sanapeze kanthu. Patapita masabata angapo Levy anapatsidwa lole yake, ndipo anaipititsa kugalaja kukawongola kutsogolo ndi kupaka penti woyera.

Purity sanabwerere ku Mtendere msanga. Anati athandize amake pamsika mpaka mitima ikhale pansi, ndipo ankakhala pabenchi kusanja tomato, osalankhula zambiri. Za jekete sanazitchulenso. Usiku ankagona chipinda chimodzi, m'mawa ankadya limodzi, koma nkhaniyo inali pakati pawo ngati mtondo wosiyidwa pakhomo, aliyense akuulambalala. Ba Mailesi anaonda. Beseni anasiya kuligwira, ndipo kuakasupe anayamba kutuma ana a anzawo.

Tsiku lina masana lole yoyera yodzaza makala inaima tsidya la msewu. Levy anatsika, nagula nthochi patebulo la kumapeto, nayang'ana matayala, n'kukweranso. Sanayang'ane mbali yawo. Mayi amene anamugulitsa nthochi anaweramitsa mutu. Ba Mailesi anaimirira, osadziwa kuti akuimiriranji. Kukuwa sakanatha, chifukwa akanakuwa chiyani? Kumugenda sakanatha. Anaima chomwecho mpaka loleyo inazimiririka pakona.

Atakhala pansi anafunsa funso limene linkawadya masiku onsewo, maso ali pa tomato.

"Purity, undiuze zoona. Ndikanapanda kuchapa, akanamugwira?"

Mwanayo anayamba kunena kuti milandu ndi yovuta, kuti nthawi zina makina amachedwa, kuti maloya amadziwa kupotoza. Amake anamudula.

"Usandinyengerere ngati mwana. Unaona ndi maso ako. Akanamugwira?"

Purity anawayang'ana amake m'maso. Kusukulu anamuphunzitsa kuti akafunsidwa anene zimene waona, osawonjezera, osachotsera, ndipo bodza loti atonthoze nalo amake linamukanika kutuluka.

"Penti analipo wambiri, amama," anatero misozi ikutsika. "Ikanakhala lole yake, akanamugwira. Ikanakhala ina, tikanadziwanso, bwenzi titasiya kumuyang'ana munthuyu. Manje sitidzadziwa."

Ba Mailesi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaika manja awo pamiyendo n'kuwayang'ana, kenako anawabisa m'chitenge. Minibasi inaima, mayi wina anatulutsa mutu pawindo kufunsa mtengo wa tomato, koma minibasiyo inanyamuka iye asanagule kanthu.